Mawu akamachedwa panjira: zimene magetsi a mu ubongo amaulula

Malume anga, kumudzi kwathu kufupi ndi Domwe m'boma la Angonia, anali munthu wodziwa kuyala nkhani. Pa chinkhoswe ndiwo ankaimirira, pamaliro ndiwo ankayankhulira banja, ndipo mlandu wa malire a munda ukafika kwa a nyakwawa anthu ankapita kukawatenga ngakhale kutada. Chichewa chawo chinali chothira mchere, miyambi ili mbwee, ndipo Chipwitikizi ankachidziwanso poti anagwirako ntchito ku Moatize. N'chifukwa chake tinazindikira msanga atayamba kuima pakati pa chiganizo, dzanja lili m'mwamba ngati akufuna kuthyola chinthu chosaoneka. "Iwe, tandipatsa ujeni... ujeni uja... wolimira." Ankatanthauza khasu, chinthu chimene anachigwira zaka zoposa 50.

Njira ya kudimba sanaiiwale. Ndalama za fodya ankawerengera okha, njinga ankakonza okha, adzukulu onse ankawazindikira. Chimene chinkawathawa ndi mawu basi. Pamudzi panamveka zambiri: ena ankati awalodza chifukwa cha milandu imene ankaweruza, ena ankati ayamba kunyada, sakufuna kuyankha anthu. Koma ine chimene chinkandivutitsa mutu chinali china. Ukawafunsa funso n'kudikira, yankho linkabwera, ndipo linkakhala lolondola. Linkangofika mochedwa, anthu atapita kale pa nkhani ina. Kuchedwa kumeneku ndiye nkhani yanga lero, chifukwa n'kwenikweni, kumayezeka, ndipo kumaoneka m'kayendedwe ka magetsi a mu ubongo.

Dokotala amene anawaona patapita nthawi anatchula dzina lachingerezi lakuti primary progressive aphasia, mwachidule PPA. Aphasia ndi kusokonekera kwa chilankhulo chifukwa cha kuwonongeka kwa ubongo. Ambirife timaidziwa kudzera mu sitiroko: munthu wagona bwinobwino, m'mawa wadzuka pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lafa, mawu sakutuluka. PPA siibwera choncho. Imalowa mwakachetechete, kawirikawiri munthu ali ndi zaka za m'ma 50 kapena 60, n'kumakula chaka ndi chaka, ndipo poyambirira imagwira chilankhulo chokha, nzeru zina zili m'malo.

Zoti chilankhulo chili ndi malo akeake mu ubongo zinadziwika kale. Mu 1861 dokotala Paul Broca wa ku Paris anaona ubongo wa munthu amene ankangotha kunena kuti "tan", napeza kuti mbali yakumanzere, chakutsogolo, ndi imene inawonongeka. Mu 1874 Carl Wernicke anasonyeza malo ena, chakumbuyo pang'ono pamwamba pa khutu lakumanzere, amene akawonongeka munthu amayankhula ndithu koma samva tanthauzo la zonena za anzake. Arnold Pick wa ku Prague analemba mu 1892 za bambo amene chilankhulo chake chinkatha pang'onopang'ono, ndipo mu 1982 Marsel Mesulam ku Boston anafotokoza odwala 6 otere, zimene zinachititsa kuti matendawa ayambe kuonedwa paokha. Mu 2011 akatswiri anagwirizana zowagawa m'mitundu itatu.

Mtundu woyamba umagwira chakutsogolo. Munthu amadziwa chimene akufuna kunena koma kuchitulutsa kumakhala ntchito ya thukuta: mawu amatuluka modukaduka, lilime likulemera, timawu tolumikiza chiganizo tikugwera m'njira. M'malo monena kuti "ndinapita kumsika kukagula mchere", angathe kungoti "msika... mchere... kugula". Wachiwiri ndi womvetsa chisoni mwa njira yake. Umadya nsonga yakutsogolo ya mbali ya ubongo imene ili kuseri kwa litsipa, ndipo chimene chimatha ndi tanthauzo lenilenilo. Munthu amayankhula mosadodoma, koma ukamuuza kuti akamange mbuzi amakufunsa, ndi mtima wonse, kuti mbuzi n'chiyani. Wachitatu, umene unagwira malume, umawononga chakumbuyo, ndipo chizindikiro chake ndi kusakasaka mawu, "ujeni" wosatha, komanso kulephera kubwereza chiganizo chachitali chimene wangomva kumene. Pansi pa mitundu itatuyi pali mapuloteni amene amaunjikana molakwika m'maselo a ubongo: pa woyamba kawirikawiri ndi tau, pa wachiwiri ndi TDP-43, pa wachitatu nthawi zambiri ndi kuwonongeka komwe kumachitika pa matenda oiwalitsa okalamba otchedwa Alzheimer, kungoti kwayambira pa chilankhulo m'malo moyambira pa kukumbukira. Amene amaonera mafilimu amva za Bruce Willis: mu 2022 banja lake linalengeza kuti wasiya ntchito chifukwa cha aphasia, ndipo mu 2023 linati matenda ake ndi frontotemporal dementia, gulu la matenda limene mitundu iwiri yoyamba ija imagweramo. Ndalama ndi madokotala apamwamba sizinaletse.

Tsopano za magetsi. Ife a m'chigawo cha Tete tikamva mawu amenewa timaganiza za Cahora Bassa ndi nthambo zikuluzikulu zochokera ku Songo. A mu ubongo ndi a mtundu wina. Mu ubongo wa munthu muli maselo otumiza mauthenga pafupifupi 86 biliyoni, ndipo selo lililonse limapanga kamphamvu kake ka magetsi polowetsa ndi kutulutsa timichere ta sodium ndi potassium pakhungu pake. Kamphamvuko kamathamanga m'kamchira ka selolo mpaka kukafika pamene lakumana ndi selo linzake, pamenepo kamatulutsa mankhwala amene amadzutsa kapena kutontholetsa linzakelo. Ubongo wonse umagwiritsa ntchito mphamvu yokwana mawati pafupifupi 20, ngati babu laling'ono. Magetsi a m'nyumba ndi mavoti 220. Amene amafika pakhungu la mutu kuchokera mu ubongo amawerengedwa m'magawo a voti imodzi itagawidwa ka miliyoni.

Ngakhale ndi ochepa choncho, amamveka. Richard Caton wa ku Liverpool anawapeza mu ubongo wa akalulu ndi anyani mu 1875, ndipo Hans Berger, dokotala wa ku Jena m'dziko la Germany, anawajambula koyamba pa munthu mu 1924 n'kufalitsa zimene anapeza mu 1929. Ndiko kubadwa kwa EEG, makina amene kuno ambiri amawadziwa chifukwa cha khunyu. Amamata timabatani tachitsulo pafupifupi 20 pamutu, n'kulumikiza ku kompyuta. Ndinene pano, poti ndamva anthu akuopa: makinawa salowetsa magetsi m'mutu, sayamwa magazi, sawerenga maganizo. Amangomvetsera.

Zimene amamva n'zofanana ndi zimene umamva usiku gule akamachitika mudzi wa tsidya lina. Sungamve zimene munthu mmodzi akunong'oneza mnzake pabwalopo, koma ng'oma ukuzimva, ndipo ukhoza kudziwa ngati gule wakolera kapena oimba atopa. Maselo miyandamiyanda akamagunda pamodzi amapanga mafunde, ndipo mafundewo amasiyanitsidwa ndi liwiro lake. Munthu wamkulu wathanzi akakhala phee atatseka maso, koma osagona tulo, kumbuyo kwa mutu kumamveka mafunde ogunda ka 8 mpaka ka 13 pa sekondi, otchedwa alpha. Akatsegula maso kapena kuyamba kuwerengera masamu, alpha amachepa, m'malo mwake mumabwera ena othamangirapo otchedwa beta, a ka 13 mpaka ka 30. Akamaodzera mumalowa theta, a ka 4 mpaka ka 7, ndipo akagona tulo tofa nato mumalamulira delta, osafika ka 4 pa sekondi. Mafunde ochedwa si oipa mwa iwo okha. Tonse timawafuna usiku uliwonse. Vuto ndi pamene achuluka masana, munthu ali maso, pa malo amodzi a ubongo. Pamenepo zimakhala ngati chigawo chimenecho chikuodzera pamene zinzake zili pantchito.

Izi n'zimene zapezeka mobwerezabwereza mwa odwala Alzheimer: delta ndi theta amakwera, alpha ndi beta amatsika, ndipo alpha weniweniyo amayamba kugunda mochedwerapo. Mwa odwala PPA, makamaka a mtundu wachitatu uja, zomwezi zimaoneka, koma zimatsamira kumanzere, kumene kuli chilankhulo.

Kuti timvetse chifukwa chake zimenezi zili ndi kanthu, tiyenera kuona kuti kucheza wamba kumathamanga motani. Kale anthu ankaganiza kuti uthenga wa m'thupi umafika nthawi yomweyo ngati mphezi, mpaka Hermann von Helmholtz anauyeza mu mtsempha wa chule cha m'ma 1850 n'kupeza kuti umayenda mamita pafupifupi 30 pa sekondi. Mwa munthu, mitsempha yokutidwa bwino ndi mafuta otchedwa myelin imatha kupitirira mamita 100 pa sekondi, pamene yosakutidwa imakwawa mita imodzi kapena awiri. Ndiye kuganiza kumadya nthawi. Ofufuza amaiwerenga m'mamilisekondi, ndiye kuti sekondi imodzi itagawidwa ka 1,000. Ukaonetsa munthu wathanzi chithunzi cha nkhuku, pamadutsa mamilisekondi pafupifupi 600 kuti atchule kuti "nkhuku". M'kanthawi kameneko maso aona, ubongo wazindikira chinthucho, wasankha liwu pakati pa mawu zikwizikwi, wasanja maphokoso ake m'ndondomeko, n'kulamula lilime ndi milomo.

Apa pali chinthu chimene chinanditsegula maso. Mu 2009 gulu la ofufuza linayeza makambirano a anthu m'zilankhulo 10 za m'makontinenti osiyanasiyana, kuphatikizapo china cha ku Namibia, ndipo linapeza kuti mpata wa pakati pa funso ndi yankho umakhala wa mamilisekondi pafupifupi 200. Taonani: kukonza liwu limodzi kumafuna 600, koma mpata woyankhira ndi 200. Ndiye kuti tonsefe timayamba kuphika yankho mnzathu asanamalize kuyankhula. Timamvetsera, timalosera kumene chiganizo chake chikupita, ndipo timakonzeratu zathu, zonse nthawi imodzi. Pamphala, pachitsime, m'chapa yopita ku Ulongwe, macheza onse amayenda pa liwiro limeneli, ndipo sitidziwa n'komwe. Munthu amene ubongo wake wayamba kuchedwa ndi theka la sekondi lokha wagwa kale m'sitima imeneyi. Nzeru ali nazo, yankho ali nalo, koma akamafika pakhomo chitseko chatsekedwa.

Kuchedwa kumeneku kumaoneka pa makina ngakhale munthu asanatsegule pakamwa. Mu 1980 Marta Kutas ndi Steven Hillyard ku San Diego anapeza kuti munthu akakumana ndi liwu losagwirizana ndi chiganizo, ubongo wake umadzidzimuka pa magetsi patatha mamilisekondi pafupifupi 400. Anatcha kudzidzimukako N400. Ndikati "ndathira shuga mu tiyi", ubongo wanu umadutsa bwinobwino. Ndikati "ndathira shuga mu nsapato", pa liwu lomalizalo funde limatumphuka. Ndi chizindikiro chakuti tanthauzo lafika. Mwa odwala PPA funde limeneli limakonda kubwera mochedwa kapena mofooka. Ofufuza a ku Toronto m'dziko la Canada anafalitsa mu 2019 zimene anapeza pogwiritsa ntchito MEG, makina okwera mtengo kwambiri amene amayeza mphamvu ya maginito yochokera ku magetsi omwewa. Anayeza odwala atangokhala phee osachita kanthu, kenako anawayezanso akupatsidwa ziganizo. Amene mafunde awo anali ochedwa kwambiri pa nthawi yopuma ndi omwewonso amene ubongo wawo unkachedwa kuyankha ku mawu. Ng'oma ikamalira mochedwa, ovinanso amachedwa.

Nanga chimachedwetsa n'chiyani? Mapuloteni oipa aja sapha selo tsiku limodzi. Amayamba ndi kuwononga malo amene maselo amakumanirana, ndiye uthenga umene unkadutsa pa njira 100 umayamba kudutsa pa zochepa. Mitolo ya mitsempha yolumikiza kumbuyo kwa ubongo, kumene mawu amamvedwa, ndi kutsogolo, kumene amakonzedwa kuti atuluke, nayonso imaperepeseka. Pa Alzheimer pamachepanso mankhwala achilengedwe otchedwa acetylcholine, amene amathandiza ubongo kukhala tcheru. Amene amakumbukira mizere ya malole pa mlatho wa Samora Machel mu mzinda wa Tete, mlatho wa Kassuende usanatsegulidwe mu 2014, amvetsa. Katundu analipo, madalaivala analipo, kopita ankakudziwa, koma onse ankadikira powolokera pamodzi. Ofufuza ambiri amaganiza kuti kusokonekera kwa magetsiku kumayamba nyama ya ubongo isanafote mooneka pa chithunzi cha MRI, makina ojambula mkati mwa thupi, ndipo n'chifukwa chake amakulondalonda: malo amene akuodzera koma sanafe ndi amene chithandizo chingawafikire.

Komabe ndisakupatseni chiyembekezo chabodza pa makinawa. EEG payokha siitchula dzina la matenda. Wodwala wa mtundu woyamba kapena wachiwiri akhoza kuyezedwa EEG wamba n'kupezeka kuti zonse zikuoneka bwino, makamaka poyambirira. Mafunde ochedwa amabweranso pa zifukwa zina zambirimbiri: malungo a mu ubongo, chiwindi kapena impso zikalephera, mankhwala ogonetsa, chotupa, kuvulala mutu. Kusiyana kwa N400 kumaoneka bwino poyerekeza gulu ndi gulu m'kafukufuku, osati poweruza munthu mmodzi. PPA imadziwika makamaka pomvetsera: dokotala kufunsa achibale mmene zinayambira, kumuyesa wodwalayo kutchula zinthu, kubwereza ziganizo, kufotokoza chithunzi, kenako kujambula ubongo ngati n'kotheka.

Ndipo kwa ife kuno, chifukwa chachikulu chopitira kuchipatala ndi chakuti pali matenda ena ofanana nawo amene amachizika. Mawu akasowa mwadzidzidzi, lero lomwe, imeneyo ndi sitiroko mpaka dokotala atanena zina, ndipo si ya kugona nayo kudikira kuti kuche. Akamasowa pang'onopang'ono, payenera kuyezedwa HIV ndi chindoko, zonse ziwiri zimafika ku ubongo; chithokomiro; kuchepa kwa vitamini B12; magazi oundana m'mutu mwa munthu wamkulu amene anagwa panjinga miyezi yapita n'kuiwalako. Ku Angonia kuno, kumene nkhumba n'zambiri, ofufuza anapezapo timphutsi ta njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba titakhazikika mu ubongo wa anthu, makamaka odwala khunyu. Palinso zinthu ziwiri zimene timazinyalanyaza: kugontha, ndi matenda a nkhawa yozama. Gogo amene sakumva bwino amachedwa kuyankha, ndipo amaoneka ngati wasokonezeka pamene vuto lili m'khutu.

Pali china chimene chimandikhudza kwambiri, ndicho chilankhulo choyezera. Liwiro la kuganiza amaliyeza ndi ntchito zing'onozing'ono za pa wotchi: kutchula nyama zambiri momwe ungathere m'mphindi imodzi, kapena kulumikiza manambala 1 mpaka 25 papepala ndi pensulo. Mayi wa ku Tsangano kapena ku Furancungo amene amaganiza m'Chichewa, amene sukulu analekeza kalasi yachiwiri, ukamufunsa zimenezi m'Chipwitikizi adzachedwa ndithu, koma chimene wayezacho ndi sukulu yake, osati ubongo wake. Mbali inayo, mphunzitsi wopuma ntchito akhoza kukhoza mayesowo pamene matenda ayamba kale. Wodwala aziyezedwa m'chilankhulo chimene amalotera, ndipo wachibale amene wamuperekeza asachite manyazi kupempha zimenezi. Muyeso wabwino koposa ndi munthuyo mwini wake: mmene ankayankhulira chaka chatha ndi mmene akuyankhulira lero. Zimenezo amadziwa ndi a pabanja, ndipo dokotala amazifuna.

Mankhwala ochiza PPA kulibe, ndipo amene akukugulitsani botolo kapena kamakina koti kamatsuka ubongo akukuberani. Matendawa sapatsirana, ndipo ambiri mwa odwala sanawatengere kumtundu, ngakhale pali mabanja ochepa amene amayenda m'magazi. Pakapita zaka amatha kufalikira ku kukumbukira, khalidwe, kuyenda ndi kumeza, choncho nkhani za minda, ziweto ndi ndalama ndi bwino kuzikamba wodwala akadatha kunena maganizo ake. Chimene chasonyeza kuthandiza ndi kuphunzitsa kuyankhula: kubwereza tsiku ndi tsiku mawu amene munthuyo amawafuna kwambiri, ndi zithunzi zake. Kumayiko ena akuyesa kuphatikiza maphunzirowa ndi kamphamvu kochepetsetsa ka magetsi kodutsitsa pamutu, ka miliampeya imodzi kapena awiri, pofuna kudzutsa malo oodzera aja, koma zimenezi zikadali pa kafukufuku.

Zotsalazo zili m'manja mwa apabanja, ndipo zimachokera pa masamu a 200 ndi 600 aja. Ngati vuto ndi nthawi, chimene tingapereke ndi nthawi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinaphunzira mochedwa, titalakwitsa kambiri. Tinkawafunsa malume funso, akangokhala chete ife n'kulibwereza m'mawu ena, osadziwa kuti potero tikugwetsa zimene ubongo wawo unali utamanga kale, ayambirenso pachiyambi. Tinkakweza mawu ngati ndi ogontha. Tinkawamalizira ziganizo, kawirikawiri molakwika, iwo n'kungogwedeza mutu kuti zithe. Titasintha, tinayamba kuzimitsa wailesi tikamacheza nawo, kuyankhula mmodzimmodzi, chiganizo chimodzi chachifupi, kenako n'kuwerenga chamumtima mpaka 10 tisananenenso kanthu. M'malo mowafunsa kuti "mudya chiyani?" tinkati "A malume, nyemba kapena usipa?" Mdzukulu wawo wina anajambula pa foni zithunzi za khasu, njinga, dimba, tchalitchi ndi nkhope za abale, ndipo liwu likakana ankangoloza. Nyimbo za kutchalitchi ndi Pemphero la Ambuye zinakhalabe m'kamwa mwawo nthawi yaitali mawu wamba atayamba kale kuvuta, poti zoloweza pamtima ndi zoimba zimayenda njira yosiyanako mu ubongo.

Chaka china kunali chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga. Pokonzekera, ena ankati malume asaimirire, angachite manyazi pagulu. Amayi anakana. Anati nkhoswa ndi nkhoswa, ndipo anapita okha kwa akuchimuna kukawauza kuti achimwene awo akaima, pasapezeke wowathandiza mawu kapena woyambitsa nyimbo. Kwa milungu iwiri malume ankabwereza ziganizo zitatu m'mawa uliwonse ali pakhonde. Tsikulo anaimirira atagwira chipewa m'manja. Chiganizo choyamba chinatuluka. Pa chachiwiri anaima, dzanja lija linakwera m'mwamba, ndipo bwalo lonse linakhala zii, mpaka kumveka nkhuku zikupalasa kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinali ndikuwerenga chamumtima. Ndinafika pa 8.

"Mwanayu," anatero malume, "tampereka ndi manja awiri."